Mwatifunsa: kodi Yesu yekha akwanira, kapena tiwonjezepo kena?

Makalata a mwezi uno achokera m'maboma osiyanasiyana kuno Kum'mawa kwa Zambia, koma ambiri akuzungulira pa nkhani imodzi. Munthu ali mu mpingo, Lamulungu amaimba kuti Yesu ndiye zonse, koma mwana akadwala kapena munda ukakana, maso amayamba kuyang'ana kwina. Enanso apitirira mbali inayo, akuti poti Yesu akwanira, mankhwala a kuchipatala ndi a anthu opanda chikhulupiriro. Mayankho akonzedwa ndi abusa mothandizana ndi namwino komanso mlangizi wa zaulimi. Mayina a olemba makalata tawabisa.

Funso: Abusa, mwana wanga wa miyezi 8 wakhala akutsekula m'mimba masiku awiri ndipo liwombo lalowa. Amayi anga ondibala am'manga mkuzi m'chiuno ndi kachithumwa m'khosi, pamutu akum'paka mankhwala akuda. Ine ndine wa Chigwirizano, mtima sukundilola, koma ndikalankhula akuti ndikufuna kupha mdzukulu wawo. Nditani? Mayi wa ku Chadiza.

Yankho: Mayi, tikhulupirira kuti pamene mukuwerenga izi munathamangira kale ku kiliniki. Tiyambabe ndi liwombolo chifukwa amayi ambiri akumana nazo. Liwombo ndi malo amene mafupa a mutu wa khanda sanalumikizane, ndipo limatsekeka lokha mwana akamafika chaka ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Likalowa pamene mwana akutsekula kapena kusanza, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Zopaka pamutu sizibweza madziwo. Chobweza madzi ndi bere ndi ORS, amene ambiri amati madzi a moyo. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Mwana wosakwana zaka 2 mum'patse kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambenso mwapang'ono. Otsala mutaye pakatha maola 24. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi ikani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi la mchere, osasefukira. Mchere ukachuluka umavulaza mwana. Ku kiliniki adzakupatsaninso zinki womwa masiku 10 mpaka 14, ndipo mum'malize ngakhale kutsekula kutasiya. Mwana akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akafooka osadzuka, akakomoka, kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, musadikire kuti kuche. Liwombo likatupa thupi lili lotentha, imeneyo ndi ngozi ina, nayonso ya chipatala tsiku lomwelo.

Tsono za chithumwa. Ulusi wopanda kanthu umene amayi ena amamanga kuti aziona ngati mwana akunenepa si nkhani ya chikhulupiriro, ngakhale sikelo ndi khadi la mwana zimanena zoona kuposa ulusi. Mtengo nawo si tchimo: pa Yesaya 38:21 mneneri analamula kuti chithupsa cha Mfumu Hezekiya achipake nkhuyu zouma, ndipo anachira. Kungoti khanda musalimwetse mizu imene muyezo wake simuudziwa. Chosiyanitsa ndi ichi: mankhwala enieni amagwira ntchito mwa njira imene Mulungu anaika m'chilengedwe, namwino aliyense angakufotokozereni, ndipo mukhoza kuimirira pamaso pa mpingo n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Chithumwa chimasokedwa kuti musaone za m'kati, chimabwera ndi zoletsa zake, ndipo ntchito yake n'kuimirira pakati pa mwana ndi mphamvu zosaoneka. Malo amenewo ali ndi mwini wake. Akolose 2:10 akuti Khristu ndiye mutu wa maukulu ndi maulamuliro onse, ndipo ife tadzazidwa mwa Iye. Chodzaza sichifuna kuthiriramo.

Koma samalani ndi mmene mulankhulire ndi agogo a mwanayo. Sanam'mange chifukwa chodana ndi Mulungu; mwina anaikapo ana m'manda kale ndipo sakufuna kuonanso zimenezo. Musawatchule dzina loipa, ndipo musadule chithumwacho pamaso pa anthu. Bambo a mwana, pokhala mkamwini pamudzipo, asakhale iwo ogwira lumo. Pemphani mayi wachikulire wa Chigwirizano, wa msinkhu wawo, kuti akhale nawo pansi, pajatu akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ulendo wina wa kusikelo mupite nawo limodzi kuti adzimvere okha kwa namwino. Chingwe cha m'khosi chokha chichoke lero, ndipo chifukwa chake agogo aliyense angachimve: chimatha kukola mwana ali m'tulo.

Funso: Ine ndimagulitsa salaula. Kumene ndayamba kupemphera, m'busa amene timamutchula papa amagulitsa timabotolo ta madzi ndi mafuta odzozedwa, ndi zomata za chithunzi chawo zoika pa benchi. Akuti zili m'Baibulo: nsalu za Paulo zinkachiritsa, ndipo Yakobo analamula mafuta. Ndagula kanayi, malonda sanasinthe, ndipo akuti vuto ndi mbewu yanga yochepa, kutanthauza ndalama zimene ndimapereka. Kodi zimenezi ndi zachikhristu? Bambo wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Bambo, mavesi awiriwo alipodi, choncho tiyeni tiwawerenge mpaka kumapeto. Machitidwe 19:11-12 akunena kuti ku Efeso anthu ankatenga nsalu zimene zakhudza thupi la Paulo n'kupita nazo kwa odwala. Wolembayo akuzitchula yekha kuti zinali zozizwitsa zachilendo, ndiye kuti sizinali za tsiku ndi tsiku. Paulo sanazigulitse, sanatsegule malo ogawira nsalu, ndipo m'makalata ake onse mulibe pamene akuuza mpingo kuti uzichita zimenezo. Mukapitiriza mutu womwewo mupeza ana 7 a Skeva amene anayesa kugwiritsa dzina la Yesu ngati mankhwala, munthu wogwidwa ndi mzimu woipa anawalumphira, nathawa ali maliseche ndi mabala. Zitatero okhulupirira a mumzindamo anabwera kudzaulula, natentha mabuku awo a matsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Nkhani imeneyi imatha ndi anthu akutaya zinthu zimene ankadalira. Siimatha ndi anthu akugula zatsopano.

Yakobo 5:14 naye akunena zinthu zomveka. Wodwala ndiye amaitana. Oitanidwa ndi akulu a mpingo, ambiri, osati munthu mmodzi wotchuka. Mafuta ndi wamba, ndipo vesi lotsatira likuti chopulumutsa wodwalayo ndi pemphero la chikhulupiriro, womuutsa ndi Ambuye. Mtengo palibe. Za kuwaza benchi ya malonda palibenso. Pomwe ndalama ndi mphatso ya Mulungu zinakumana m'Baibulo, zinatha moipa: Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphamvu, Petro anamuuza kuti ndalama zake ziwonongeke naye limodzi (Machitidwe 8:20), ndipo Gehazi atathamangira chuma cha Namani chimene Elisa anakana, anatenga khate la Namaniyo (2 Mafumu 5).

Chovuta n'chakuti zinthu zimenezi zimatilowa mosavuta chifukwa tinazizolowera. Ng'anga imakupatsa kanthu kogwira m'manja, kokhala ndi malangizo a nthawi yowazira, ndipo kakalephera imati walakwitsa ndiwe, bwera ndi nkhuku ina. Mukachotsa nyanga n'kuikapo botolo lolembedwa vesi, kagwiridwe kake sikanasinthe. Ngakhale chinthu chimene Mulungu analamula yekha chikhoza kusanduka fano. Njoka yamkuwa imene Mose anapanga m'chipululu inadzafika pofukiziridwa lubani, mpaka Hezekiya anaiphwanya (2 Mafumu 18:4). Akhristu a ku Kolose, kamzinda ka pafupi ndi Laodikeya m'dziko limene lero ndi Turkey, sanakane Yesu ayi. Aphunzitsi awo ankangoti Yesu ndi poyambira, koma wofuna chitetezo chokwanira awonjeze kupembedza angelo, masomphenya, masiku apadera ndi malamulo a zosagwira ndi zosalawa. Paulo anayankha kuti zimenezo zimaoneka ngati nzeru koma zilibe mphamvu (Akolose 2:16-23). Mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi (1 Timoteo 2:5), ndipo chithunzi cha munthu wina pa benchi yanu sichikufupikitsani kwa Mulungu kuposa mmene magazi a Khristu anakufupikitsirani.

Musagulenso. Ndalama ya mabotolo anayi ija iwerengeni muone inali gawo lanji la belo. Kenaka tengani kope, kwa milungu inayi muzilemba mtengo wa belo, zovala zimene zatulukamo, zogulika msanga ndi zotsalira, msonkho wa pamsika, ndi ndalama imene mumatapa pa mpamba kukagula ndiwo. Malonda ambiri a salaula amafera pamenepo, potapa mpamba ndi pokongoza abale, kapena pa chiwongoladzanja cha ngongole ya kaloba. Kupereka ku mpingo musasiye, koma perekani monga 2 Akorinto 9:7 akunenera, zimene mwatsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa, ndiponso kumene ndalama zimawerengedwa ndi anthu angapo n'kulengezedwa.

Funso: Mchimwene wanga wamwa ma ARV zaka zitatu. Atayezetsa magazi anamuuza kuti kachilombo sikakuoneka. Kumapemphero amuuza kuti wachira, ndipo kupitiriza kumwa n'kukayikira Yesu. Wasiya mwezi watha. Kodi ndikamuuza kuti ayambirenso ndikulimbana ndi chikhulupiriro chake? Mtsikana wa ku Katete.

Yankho: Ayi, mukupulumutsa moyo wake, ndipo musachedwe. Mawu akuti kachilombo sikakuoneka amatanthauza kuti mankhwala akakanikiza mpaka kachuluke kake m'magazi katsika kupitirira pamene makina angawerenge. Kachilomboko kamakhalabe kobisala m'maselo ena a thupi. Munthu akasiya kumwa, pamangopita milungu yowerengeka kayambanso kuswana, chitetezo chimatsika mwakachetechete iye akudzimva bwino, ndipo chimene chimabwera poyamba kawirikawiri ndi TB kapena matenda oumitsa khosi. Kumwa modumphadumpha kumapatsanso kachilombo mpata wozolowera mankhwala. Pamene sikankaoneka sakanapatsira mkazi wake; tsopano akhoza.

Apite ku kiliniki yake sabata ino ndi khadi lake, anene zoona za tsiku limene anasiya. Asayambe ndi kumwa mapiritsi awiriawiri kuti abweze masiku otayika. Anene ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, akuonda kapena mutu ukumuwawa kosalekeza. Anamwino anaziona kambiri zimenezi, manyazi asamuletse.

Pa za chikhulupiriro, mufunseni mofatsa ngati Paulo anali wokayikira. Paulo yemwe nsalu zake zinachiritsa anthu anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20), analangiza Timoteo chothandiza m'mimba mwake ndi kudwaladwala kwake (1 Timoteo 5:23), ndipo ankayenda ndi Luka amene akumutchula kuti sing'anga wokondedwa (Akolose 4:14). Yesu atachiritsa akhate 10 anawatumiza kwa ansembe, amene pa nthawiyo ndiwo ankayeza ndi kutsimikiza kuti khate latha (Luka 17:14). Machiritso enieni saopa kuyezedwa, ndipo wonena kuti mankhwala asiyidwe akhale amene anawalemba. Kutaya mapiritsi kuti Mulungu aonetse mphamvu kukufanana ndi zimene Satana anauza Yesu pamwamba pa kachisi, kuti adzigwetse angelo amuwakhe. Yesu anakana, nati usayese Ambuye Mulungu wako (Mateyu 4:7). Kumbukiraninso kuti zipatala monga St Francis kwanu ku Katete, Mwami ndi Nyanje zinamangidwa ndi mipingo, ndi anthu opemphera. Zomwezi zikukhudza a BP, a shuga ndi a khunyu. Wofuna kusala kudya ali pa mankhwala ayambe wafunsa ku kiliniki, makamaka wa shuga, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amakomoka.

Funso: Amuna anga anamwalira miyezi itatu yapitayo. Akuchimuna akuti ndiyenera kuchotsedwa fumbi pogona ndi mlamu wanga, apo ayi mzimu wa malemu udzadwalitsa ana. Akufunanso nyumba ya m'tauni ndi ng'ombe. Ndikuopa kuti mwana akangodwala adzaloza ine. Mayi wamasiye wa ku Sinda.

Yankho: Pepani ndi maliro, mayi. Mulibe fumbi limene thupi la mwamuna wina lingachotse. Aroma 7:2 ndi 1 Akorinto 7:39 akunena kuti mwamuna akamwalira mkazi ndi womasuka, ndipo sakutchulapo mwambo woti uyambe wachitika. Amuna anu ali m'manja mwa Mulungu, sakuyendayenda pakhomo kusaka ana awo omwe. Aroma 8:38-39 potchula zinthu zimene sizingatilekanitse ndi chikondi cha Mulungu mwa Khristu, akuyamba ndi imfa. Mwambowu wafalitsa HIV m'mabanja ambiri, mafumu ambiri anauletsa poyera, ndipo kukakamiza munthu kugonana ndi mlandu wa kupolisi kaya wokakamizayo ndi mlamu. Zikachitika mokakamiza, fikani kuchipatala asanathe maola 72 kuti mulandire mankhwala oteteza ku kachilombo.

Musakane muli nokha m'nyumba. Itanani akulu a mpingo awiri kapena atatu, malume anu ndi a nyakwawa, banja lonse lilipo. Abusa awerenge Mawu, apemphere, ndipo anene momveka kuti ndinu omasuka. Zimathandiza kwambiri akuchimuna akapatsidwa mpata wokusudzulani ndi mawu pamaso pa anthu, chifukwa ambiri a iwo chimene akuopa n'kusiya maliro osatsekedwa. Ana adzadwalabe malungo ndi chifuwa ngati ana ena onse, ndipo pamsonkhanopo zinenedwe zimenezo zisanachitike.

Za chuma, ngati malemu sanasiye wilo, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limagawa motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, 10 kwa ena amene ankawadalira. Nyumba ndi katundu wa m'nyumba ndi za inu ndi ana, ndipo muli ndi ufulu wokhalamo moyo wanu wonse pokhapokha mutakwatiwanso. Woyang'anira chuma amene khoti lamusankha ntchito yake n'kugawa, sakhala mwini. Dziwani kuti lamuloli silikhudza malo a kwa mfumu kapena chuma cha mtundu wonse, choncho za munda wa kumudzi mukakambe kwa mfumu, ndipo za ng'ombe pafunika mboni zonena kuti ndi ziti zimene malemu anagula okha. Sungani chikalata cha imfa, mapepala a nyumba ndi makadi a ana kwa munthu wodalirika kunja kwa nyumbayo. Akayamba kutulutsa katundu, pitani ku Victim Support Unit ya polisi.

Funso: Ine ndi mnansi wanga tinalandira feteleza wofanana, minda yathu ndi yogundana, koma iye anadzaza nkhokwe ine ndinapeza matumba ochepa. Anthu akuti amakoka chimanga cha anzake ndi mankhwala. Ena akundiuza kuti nditsirike munda, ena akuti tiitane woombeza. Ndine mkulu wa mpingo. Bambo wa ku Vubwi.

Yankho: Bambo, musanapite kwa aliyense, pitani kwa mnansiyo mukam'funse tsiku limene anabzala. Minda yogundana imasiyana pa zinthu zooneka ndi maso. Wobzala ndi mvula yoyamba yokwanira, pakati pa Novembala ndi kuchiyambi kwa Disembala, amasiya kutali wobzala pa Khirisimasi chifukwa chodikira ng'ombe zobwereka. Lima imodzi, ndiye kuti mamita 50 mbali zonse, imafuna mbewu yokwana makilogalamu 5, thumba limodzi la D Compound pobzala ndi thumba limodzi la urea chimanga chikamafika m'mawondo, patapita milungu 4 kapena 5. Ambiri amatenga matumba a lima ziwiri n'kuwamwaza pa lima zisanu, kenaka n'kudabwa. Urea wosiyidwa pamwamba pa dothi louma amauluka ndi dzuwa, ndipo wothiridwa m'munda wosapalira amadyetsa udzu. Milungu 6 yoyamba munda ukhale woyera. Mbewu ya haibulidi yobwezera kuchokera m'nkhokwe imachepa mphamvu chaka ndi chaka. Mbozi zolowa m'nsonga ya chimanga, zimene zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016, zimafuna kuyendera munda kawiri pa sabata chimanga chili chaching'ono, chifukwa zikakula n'kubisala mkati mankhwala amaziphonya mosavuta.

Ndipo yang'anani pansi pa mapesi. Ngati pali kachitsamba ka maluwa ofiira kapena ofiirira, wokoka chimanga chanu mwam'peza. Makolo anakatcha kaufiti chifukwa kamayamwa mizu ya chimanga pansi kasanatuluke n'komwe, chimanga n'kumanyala ngati kuli chilala mvula ikugwa. Kamakonda nthaka yoguga yolimidwa chimanga chaka ndi chaka, ndipo njere zake zimakhala m'dothi zaka zoposa 10. Kazuleni kasanachite maluwa, mukatenthe kunja kwa munda, thirani manyowa, ndipo gawolo mubzalemo soya kapena nshawa kwa zaka zingapo.

Kutsirika munda ndi kuombeza ndi zimene Deuteronomo 18:10-12 akuletsa, ndipo inu monga mkulu wa mpingo mukachita usiku, mawa akhristu anu adzachita masana. Mapanga awiri avumbwitsa. Sitikunena kuti mphamvu za mdima kulibe. Baibulo silinena choncho. Likunena kuti Khristu anazivula zida pamtanda n'kuzionetsa poyera (Akolose 2:15), ndipo wokhala mwa inu ndi wamkulu kuposa wa m'dziko (1 Yohane 4:4). Woombeza akabwera pamudzi sachoka osaloza munthu, chifukwa ndiye malipiro ake, ndipo wolozedwa amakhala nkhalamba, wamasiye, kapena wolimbikira ntchito ngati mnansi wanuyo. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act, Chaputala 90 cha malamulo a Zambia. Pempherani m'munda mwanu ndi banja lanu pobzala ndi pokolola, zimenezo n'zabwino. Nehemiya anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku (Nehemiya 4:9). Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, chinapsereza minda yotsirika ndi yosatsirika mofanana.

Funso: Kodi Mkhristu angapite ku mwambo wa Achewa wa Kulamba kapena wa Angoni wa Nc'wala? Mnyamata wa ku Mtenguleni.

Yankho: Funso limeneli lakambidwa kwa nthawi yaitali, ndipo mipingo siyankha mofanana, makamaka pa za gule. Funsani malamulo a mpingo wanu. Kulemekeza mfumu n'kolamulidwa (1 Petro 2:17), choncho kupita ku Mkaika mu Ogasiti kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, kapena kuona Inkosi ya Makosi Mpezeni ikulawa zakumunda zoyamba mu Febuluwale, kuvala zachikhalidwe ndi kukumana ndi abale, sikukana Khristu. Malire ali pa nsembe ndi mapemphero opita kwa mizimu: zimenezo musatengeko mbali (1 Akorinto 10:20-21). Ngati mumtima mukudziwa kuti mukupitira kuopa kuti mizimu ingakwiye mukajomba, khalani kunyumba chaka chimenecho.

Funso: Chaka chatha ndinatentha zithumwa zanga zonse pamaso pa akulu a mpingo. Kuchokera pamenepo njinga imene ndinkanyamulira anthu inabedwa, ndadwala kawiri, ndipo mkazi wanga anapita padera. Achibale akuti ndinadzivula ndekha. Usiku sindigona. Ngati Yesu akwanira, bwanji zinthu zaipiraipira? Bambo wa ku Mchini, Chipata.

Yankho: Bambo, pepani, makamaka chifukwa cha mwanayo. Sitikuuzani kuti mukalimbikira pang'ono njinga ibwerera, chifukwa Mulungu sanalonjeze zimenezo. Vesi lotchuka la Afilipi 4:13, lonena za kukhoza zonse mwa Iye wopatsa mphamvu, Paulo analilemba ali m'ndende, ndipo zonse zimene akunenazo wazitchula m'vesi 12: kukhuta ndi kumva njala, kusefukira ndi kusowa. Anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake uchoke, sunachoke, anangoyankhidwa kuti chisomo chikukwanira (2 Akorinto 12:8-9). Kukwanira kwa Khristu kukutanthauza kuti machimo anu anakhululukidwa kotheratu, palibe temberero kapena mzimu umene uli ndi ulamuliro pa inu, ndipo simuli nokha m'zimene mukudutsamo. Sikutanthauza kuti akuba adzalambalala khomo lanu.

Ganizaninso zaka zimene munali ndi zithumwa. Kodi simunadwalepo, simunaberedwepo? Munatero, kungoti nthawi imeneyo munkati mankhwala afooka, mukawonjezere. Mantha amasankha zokumbukira.

Pali zochita. Matenda obwera kawiri akayezedwe bwino, malungo, TB, HIV ndi shuga, osangogula mapiritsi pa kantemba. Akazi anu apite ku kiliniki akaonedwe magazi, BP, chindoko ndi malungo, chifukwa zina mwa zochititsa kupita padera zimachizika, ndipo mimba ina ikabwera ayambe sikelo miyezi itatu isanathe. Iwonso ali pa maliro ngakhale anthu sanasonkhane, musawasiye okha ndi mawu a achibale. Za njinga kanenani kupolisi, ndipo uzani madikoni poyera kuti mulibe chogwira; mpingo umene unaonerera moto wa zithumwa zanu uli ndi udindo pa inu, ndipo kubwereka njinga kapena kulowa chilimba cha anzanu a mumpingo si kupempha. Akulu amene analipo tsiku lija muwauze kuti mantha abwerera. Pemphani mmodzi kuti azibwera madzulo kawiri pa sabata kwa mwezi wathunthu, muziwerenga limodzi Salimo 91, Salimo 121 ndi Aroma 8 mokweza, akazi anu ali pomwepo. Kusagona kukapitirira milungu iwiri, kapena maganizo ofuna kudzipweteka akabwera, mukanene kwa namwino tsiku lomwelo, ndipo mkulu wa mpingoyo akuperekezeni.